Matumba a mpweya kutsogolo kwa pikiapu ya sukulu yathu

 Angapo mwa inu amene mwafikako kusukulu kuno posachedwapa mwaona timavalavu tiwiri tonga ta njinga titasuzumira pa bull bar ya galimoto ya sukulu, ndipo funso lakhala limodzimodzi: kodi Land Cruiser yathu ija yayamba kupopedwa ngati njinga ya kabaza? Eya, imapopedwa, ndipo ndi pampu ya njinga yeniyeni. Tidaika matumba a mpweya m'kati mwa masipuling'i akutsogolo. M'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe zonse pano, poti ndikudziwa kuti masukulu ena ali ndi galimoto zotere ndipo vuto lawo ndi lomweli.

Kwa amene mudachoka isadabwere, galimotoyi ndi Toyota Land Cruiser 79 ya pikiapu, yopangidwa mu 2004, injini yake ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo. Siithamanga, koma siidandaula. Idafika kuno mu 2013 kuchokera ku bungwe lina limene linkatseka ntchito zake m'boma lathu lino la Dedza, ndipo idabwera itavala kale zida za eni ake oyamba: bull bar yachitsulo chokhuthala, winch, ndi batire yachiwiri pansi pa boneti. Sitidachotse chilichonse. Winch ija yatitulutsa m'matope a padambo la kumunsi kwa sukulu kangapo konse, moti amene akufuna kuti ichotsedwe ayambe wadzakankha nafe galimoto mu Febuluwale.

Ntchito zake mukuzidziwa. Chimanga cha kuchigayo, nkhuni za kukhitchini, timu ya mpira, maliro a m'midzi yotizungulira. Koma imene idandichititsa kuvomera kukhala m'komiti ya galimoto ndi ntchito ya usiku. Mwana akadwala ku hositelo, ambulansi yathu ndi yomweyi, ndipo kuchoka pano kukafika pa tala pali makilomita 26 a msewu wafumbi.

Vuto lidabwera pang'onopang'ono monga amachitira mavuto a chitsulo. Mphuno ya galimoto idayamba kuwerama. Ikagunda kadzenje ngakhale kakang'ono mumamva kuti gu! pansi pa mapazi, kusonyeza kuti sipuling'i yafinyika mpaka pamapeto ndipo ekiselo yagunda mphira woiletsa. Usiku wina mu Meyi 2024 ndidaperekeza mtsikana wa Fomu 2 amene mphumu idamugwira cha m'ma 1 koloko. Mwanayo ndi ametironi adakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Adalaivala athu, bambo wachikulire amene msewu uwu amaudziwa ngati khonde la nyumba yawo, sadathe kupyola giya yachiwiri pafupifupi ulendo wonse, chifukwa kugunda kulikonse kunkamusowetsa mwanayo mpweya. Nyali nazo zinkaunika pansi, pafupi ndi mphuno, m'malo mounika kutsogolo. Ulendo wa mphindi 45 udatitengera ola ndi mphindi 20. Mwanayo adachira, ali Fomu 4 tsopano, koma m'mawa mwake nkhaniyi ndidakaitula kwa a hedi ndisanalowe n'komwe m'kalasi.

Chimene chimaweramitsa mphuno si ufiti, ndi masamu. Mu 2022 bull bar ndi winch zidachotsedwa kuti awotcherere chitsulo china chimene chidang'aluka, ndipo ine ndi chidwi changa ndidaziika pa sikelo yoyezera chimanga. Bull bar 74 kg, winch 38 kg. Pamodzi 112 kg. Koma katundu ameneyu sakhala pamwamba pa matayala, amakhala kutsogolo kwake, pafupifupi masentimita 70. Kuchokera pa ekiselo yakumbuyo kufika pa yakutsogolo pali masentimita 318. Inu amene simunkagona pa phunziro la moments werengani nokha: 112 kuchulukitsa ndi 388, kugawa ndi 318. Mupeza pafupifupi 137 kg. Ndiye kuti chitsulo cha 112 kg chimalemera 137 kg pa matayala akutsogolo, ndipo 25 kg yowonjezerayo yachotsedwa ku matayala akumbuyo. Onjezani batire ya 24 kg. Masipuling'i amene adapangidwira injini ndi anthu atatu akhala akusenza 160 kg yowonjezera usana ndi usiku kwa zaka 20, ngakhale galimoto ili chiimire pansi pa mtengo. Titayeza kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi, n'kufanizira ndi galimoto inzake yopanda bull bar, yathu idali itatsika masentimita 4 kumanja ndi 3 kumanzere.

Ndisanapitirire, mawu pang'ono kwa amene muli ndi pikiapu zanuzanu, chifukwa kutsogolo kwa galimoto sikufanana. Hilux zambiri zakale, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody zili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo imene imagwira ntchito popotoka. Zimenezo zikawerama, nthawi zambiri makaniko amangotembenuza bawuti ya kumapeto kwa ndodoyo mphuno n'kudzuka, ndipo simufunika thumba lililonse. Hilux za kuyambira 2005 zili ndi sipuling'i yozungulira imene shock absorber idalowa pakati pake, ndiye malo a thumba palibe. Land Cruiser 75 yakale idali ndi masipuling'i amasamba kutsogolo. Ndi mu 1999, itatuluka 79, pamene a Toyota adaika masipuling'i ozungulira kutsogolo, shock absorber ili payokha pambali. Mpata wa m'kati mwa koyilo ndi umene umalola zimene tidachitazi. Musayitanitse katundu musanagone pansi pa galimoto yanu n'kuona chimene chilipo.

Mu komiti mudali maganizo awiri. Ine ndinkati tigule masipuling'i atsopano olimbirako, ndipo mpaka lero ndimati njira yeniyeni ndi imeneyo. Thumba la mpweya limakoma pamene katundu amasinthasintha, lero matumba 20 a chimanga, mawa wopanda kanthu, n'chifukwa chake anthu ambiri amaika kumbuyo. Kutsogolo kwathu katundu sasintha. Bull bar siitsika Lamlungu. Katundu wosasintha amafuna chitsulo chosasintha. Koma abasala adatulutsa mapepala. Kwacha idali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa masipuling'i awiri abwino ku Lilongwe udali wofanana ndi nyemba za ana onse za masabata angapo. Panalinso akaunjika ochotsedwa ku galimoto zangozi, amene palibe angakuuzeni kuti adasenza chiyani pa moyo wawo.

Chidathetsa mkangano ndi foni yochokera ku Johannesburg. Mnyamata wina wa Fomu 4 ya 2011, amene tsopano ndi makaniko pa galaja ina ya galimoto za 4x4 kumeneko, adamva nkhaniyi kwa mng'ono wake. Sinditchula dzina poti sadandilole, koma a kalasi imeneyo mukumudziwa, ndi uja ankamasula mawotchi a anzake. Adati akubwera kudzaona mayi ake mu Juni, ndipo abwera ndi matumba a mpweya oyenera 79, iye mwini adzamanga, sukulu isalipire kanthu. Masipuling'i akadawakonda, adatero, koma m'chikwama cha pabasi sangalowe.

Bokosi lake lidali laling'ono moti a hedi adaliyang'ana kawiri. M'kati mudali matumba awiri apulasitiki yolimba yonga mphira, lililonse ngati botolo lalikulu la sobo lodulidwa khosi, timbale toteteza pamwamba ndi pansi pake, paipi yopyapyala ya nayiloni, mavalavu awiri onga a tayala, ndi tizingwe tomangira. Kompulesa palibe, waya wamagetsi palibe. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Kampani ya Air Lift ya ku Lansing, m'chigawo cha Michigan ku America, idayamba mu 1949 ndi chinthu chomwechi, thumba lamphira lolowetsa m'kati mwa sipuling'i yozungulira. Mabasi akuluakulu a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amene mumawamva akupuma kuti psss akaima amayenda pa mpweya wokhawokha, koma zimenezo ndi zina. Lathuli ndi lothandizira chabe. Sipuling'i yachitsulo imakhalapobe ndipo ndiyo imasenza gawo lalikulu.

Tidagwira ntchitoyi Loweruka, pa simenti ya kuseri kwa labotale, malo okhawo athyathyathya pasukulu pano. Tidalipo anayi: makaniko, adalaivala, ine, ndi mnyamata wa Fomu 3 wogwira tochi. Kudali kosangalatsa kuona mmene maudindo adatembenukira. Mwana amene ndinkamuimika kutsogolo chifukwa cha homuweki tsopano ndiye ankati, "Aphunzitsi, tagwirani apa, musasiye mpaka ndikuuzeni." Kwa adalaivala ankati "Madala", ndipo asanakhudze bawuti iliyonse ankayamba wawafunsa ngati idamasulidwapo kale. Ulemu sadausiye ku Beitbridge.

Choyamba adakana njerwa. Adalaivala adali atasonkhanitsa njerwa zowotcha kuti tikhazikepo chesisi monga timachitira kuno, iye adati ayi, njerwa imaphwanyika osachenjeza. Tidakabwereka zoimikira zachitsulo ziwiri kwa wowotcherera wa pa trading centre. Matayala akumbuyo tidawatchinga ndi zipika, chesisi n'kukhala pa zoimikira, jeke n'kupita pansi pa ekiselo. Kenako matayala akutsogolo adachoka, shock absorber idamasulidwa kumunsi, chimodzimodzinso chitsulo choletsa galimoto kupendama pokhota.

Apa ndi pamene adachedwa dala. Ekiselo ikamatsika ndi jeke, paipi ya mabuleki imakokeka, ndipo ikakokeka kwambiri imavulala m'kati osaonetsa kunja. Adamasula kabulaketi kake kuti ipeze mpata, n'kumuuza wa tochi kuti maso ake akhale pa paipiyo basi. Sipuling'i nayo si yoseweretsa. Yofinyika imasunga mphamvu yokwanira kuthyola nsagwada. Adatsitsa jeke pang'onopang'ono mpaka koyilo idayamba kugwedera yokha pampando pake, ndipo pamenepo m'pamene adaigwira ndi manja. Adachotsa mphira umene umakhala m'kati mwa koyilo, poti malo ake ndi amene thumba limatenga, n'kupala ndi tupa m'mbali mwa bowo la pamwamba pamene paipi imadutsa kuti pasakhale chakuthwa. Dothi louma limene lidatuluka pampando wa sipuling'i likadadzaza mbale ya ndiwo.

Kulowetsa thumba lenilenilo kudatenga mphindi zisanu. Kuyendetsa paipi kudatenga maola awiri.

Paipi ya nayiloni imadulidwa ndi lezala yakuthwa, molunjika, osati ndi pulayala, chifukwa yophwanyika kumapeto imataya mpweya polumikizira. Iyenera kudutsa kutali ndi paipi ya utsi, kutali ndi chilichonse choyenda, ndipo pafupi ndi thumba iyenera kusiyidwa yolendewera pang'ono kuti isakokeke galimoto ikamanjanja. Iye ankaimanga pa chesisi pakadutsa chikhato chimodzi chilichonse, ndipo paliponse pamene idakhudza ngodya ya chitsulo adaiveka kachidutswa ka paipi yakale ya mafuta.

Pamenepa padabuka kamkangano kamene ndikufuna aphunzitsi a Physics mukakagwiritse ntchito m'kalasi. Adalaivala adafunsa kuti bwanji osalumikiza matumba onse awiri ku valavu imodzi, tizipopa kamodzi basi. Funso lanzeru, ndipo kolumikizira kake ka nthambi zitatu kadalimo m'bokosi. Makaniko adandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ayankheni ndinu, paja Pascal mudatiphunzitsa ndinu." Matumba awiri olumikizana ndi chotengera chimodzi, ndipo mpweya wake umafanana mphamvu paliponse. Galimoto ikakhotera kumanzere, thupi lake limatsamira kumanja. Thumba lakumanja limafinyika, mpweya wake n'kuthawira kumanzere, kukakankha m'mwamba mbali imene ikunyamuka kale. Ndiye kuti pamene mukufuna kuti thumba likane, ilo likuthandiza galimoto kupendama. Pa zokhota za m'mapiri a kuno, kumbuyo kuli ana, zimenezo ayi. Tidaika mapaipi awiri ndi mavalavu awiri. Phindu lina ndi lakuti mbali imene idatsika kwambiri imalandira mpweya wochulukirapo.

Popopa tidagwiritsa ntchito pampu ya njinga ya alonda. Thumba ndi laling'ono, kukankha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi geji yasuntha kale. Pepala la m'bokosi lidati mpweya usatsike pansi pa 5 psi ndipo usapyole 35 psi. Kompulesa ya pa filling station, imene imadzaza tayala la lole, ingaliphulitse musanaphethire. Tidakwera pang'onopang'ono, tikuyeza ndi tepi, mpaka galimoto idabwerera pa msinkhu wake wa kufakitale: 22 psi kumanja, 18 kumanzere. Wa tochi adafuna kuti tipopebe kuti iwoneke yaukali ngati za m'mafilimu. Makaniko adamuonetsa Panhard rod, chitsulo chopingasa chimene chimagwira ekiselo kuti isapite cham'mbali. Mukakweza mopyola, chitsulocho chimakokera ekiselo mbali imodzi, chiwongolero chimakhota, ndipo galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu. Kumbuyo mungalakwitse msinkhu n'kungomva kuuma. Kutsogolo kuli chiwongolero ndi gawo lalikulu la mabuleki.

Kuti 20 psi ingadzutse mphuno ya Land Cruiser ambiri sakhulupirira, poti tayala la njinga limalandira yoposa pamenepo. Thumba lathu ndi lotambalala masentimita pafupifupi 10, ndiye nkhope yake ndi 78.5 cm². 20 psi ndi 138 kPa. Chulukitsani, mupeza pafupifupi 1,080 N, kulemera kwa 110 kg, matumba awiri a chimanga ndi kotsalira. Mbali ziwiri, 220 kg. Ndipo mpweya uli ndi khalidwe limene sipuling'i wamba ilibe. Sipuling'i ya chitsulo imawonjezera kukana mofanana pa sentimita iliyonse. Mpweya, monga adaonetsera Robert Boyle mu 1662, ukafinyidwa kufika theka la malo ake mphamvu yake imawirikiza, ndiye umayamba mofewa n'kumauma pamene dzenje likukula. Pa timabampu ta msewu wafumbi simuumva, pa dzenje lalikulu ndiwo umakulandirani.

Tidathira madzi a sopo polumikizira ponse kufunafuna thovu, osapeza. Tidamanganso zonse, mabawuti a matayala komaliza galimoto ili pansi, n'kuisiya usiku wonse. Lamlungu masana geji idaonetsa chimodzimodzi. Madzulo ake tidaiimika moyang'ana khoma la holo n'kukonzanso nyali.

Zotsatira zake ndi izi. Kugunda kuja kudatha. Ulendo wokafika pa tala udabwerera pa mphindi 45, ndipo adalaivala akuti chiwongolero chidapepuka. Koma sabata yomweyo a hedi adandiitana n'kufunsa ngati tsopano tingamawonjezere matumba asanu popita kuchigayo, kuti tichepetse maulendo. Ndidawatengera ku galimoto n'kuwawerengera kulemera kumene opanga adailoleza, 3,200 kg, galimoto, mafuta, anthu ndi katundu zonse pamodzi. Nambala imeneyo idachokera ku mabuleki, ma bearing, matayala ndi chesisi, ndipo palibe mwa zimenezi chimene chidasintha Loweruka lija. Choopsa cha thumba la mpweya n'chakuti limabisa chizindikiro. Kale galimoto yolemedwa inkaoneka ndi maso. Tsopano ikhoza kuima mowongoka bwinobwino ili yolemedwa. A hedi adamva, ngakhale sadakondwe.

Chimene ndinkachiopa mu komiti chija ndi ichi, ndipo chilipobe. Sipuling'i ya chitsulo siifuna kukumbukiridwa. Mukaimanga mwathana nayo zaka khumi. Mpweya umafuna munthu. Umatuluka pang'onopang'ono ngakhale palibe chobooka, ndipo thumba likakhala lopanda mpweya koyilo imalitsina n'kulidya, pakutha pa sabata latha ntchito. Pasukulu pamene aphunzitsi amasamutsidwa, adalaivala akuyandikira kupuma, ndipo geji ikhoza kubwerekedwa osabwerera, chinthu chodalira chikumbumtima cha munthu mmodzi sichikhalitsa.

Ndiye tidachipereka kwa ana. Kalabu ya sayansi ili ndi kope limene limakhala m'galimoto momwemo, ndipo Lolemba lililonse pa nthawi yopuma ya 10 koloko awiri amayeza mbali zonse, n'kulemba tsiku, mpweya, ndi kutentha kwa tsikulo. Za ola lomwelo tidaziphunzira mu Julaye woyamba. Mtsikana wina adayeza 6 koloko m'mawa, kuzizira kwa Dedza kuli pachimake, n'kuthamangira ku staff room kuti thumba labooka, latsika ndi 2 psi. Ndidamutuma akayezenso masana. Adapeza yabwerera. Tidakhala pansi n'kuwerengera: mpweya wopopedwa kukutentha 30°C ukazizira kufika 8°C, ndiye kuti wachoka pa 303 K kufika pa 281 K, ndipo mukakumbukira kuwonjezera mpweya wa kunja, umene kuno kumapiri ndi pafupifupi 12 psi, geji iyenera kutsika ndi 2 psi ndi kakang'ono. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa lamulo limeneli, kuyambira masiku amene Physics ndi Chemistry zidali phunziro limodzi la Physical Science, sindidaonepo mwana akulimvetsa msanga chotere.

Kope lomwelo ndi limene lidagwira vuto lenileni. Mu Januwale 2025 mbali yakumanzere idatsika masabata atatu otsatizana, 18, 15, 11, pamene yakumanja idali chiimire. Madzi a sopo adaonetsa thovu pa valavu, osati pa thumba. Kamtima ka m'kati mwa valavu kadali katamasuka ndi kugwedezeka kwa msewu, ndipo wokonza njinga wa pamsika adakamanga ndi kachitsulo kake osalandira ndi tambala yomwe. Dzinja lidatiphunzitsanso kuti matope osakanizika ndi mchenga akalowa pakati pa thumba ndi koyilo amakhala ngati sandipepa, ndiye galimoto ikabwera kuchokera kudambo adalaivala amatsuka m'masipuling'i ndi ndowa ziwiri za madzi asanaiimike. Pa thumba lakumanja pali kale mizere yoonekera pamene koyilo imakhudza. Ndidajambula n'kutumiza ku Johannesburg, yankho lidabwera lakuti mizere yotere ndi yachibadwa, tidandaule ikayamba kuzama moti chikhadabo n'kumakodwa.

Mu bajeti ya komiti ya galimoto ndalembamo masipuling'i atsopano kachitatu tsopano, ndipo abasala awadula kachitatu. Amene muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo mukudziwa kumene kukupezeka masipuling'i akutsogolo a 79 opangidwira galimoto ya bull bar ndi winch, atsopano osati akaunjika, nditumizireni mtengo wake teremu isanathe.